Kalata Yomwe Ndinatumiza Kumpoto

Epulo, mtsinje wa Choptank ukadali wozizira ngati mpeni,
ndinakukweza m'bwato ndi manja awiri,
mayi wa mizere isanu ndi iwiri,
mimba ili ndendende ndi mazira.
Wendell anakuphimba maso ndi kansalu konyowa
kuti usaone zomwe ndinkachita.
Ndinakuyeza, ndinakucheka pang'ono m'mbali,
ndinalowetsa kachingwe kofiira kokhala ndi nambala,
mamba atatu ndinaponya mu envelopu.
Kenako khuvu!
Madzi anatsekeka pambuyo pako.

Bambo anga akanaona, akanalavulira pambali.
Orrin Tull, mwini maukonde khumi ndi awiri.
Chaka chomwe boma linaletsa kugwira mtundu wako
ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi.
Maukonde anagona m'shedi zaka zisanu,
mbewa zinaswerana m'menemo mibadwomibadwo,
iwo n'kumayendetsa basi ya ana a sukulu,
akudzukabe usiku kukanunkhiza mphepo padoko.
Patebulo dzina lako silinkatchulidwa,
ngati la m'bale amene ali kundende.
Mutachulukanso anati: "Zabwera zokha,
sizinawerenge mapepala a munthu."
Ine ndinapita kukaphunzira mapepala omwewo.

Utaikira mazira sunacheuke.
Unatsika ndi madzi, unalawa mchere,
unakhotera kumpoto potsata tinsomba tamafuta,
kudutsa mchenga wa New Jersey, miyala ya Montauk
pomwe anthu amaima usiku madzi ali m'chiuno,
kudutsa khonde lopindika la Cape Cod.
Ife tinagawa nyanja ndi pensulo.
Iwe umadutsa mizere yathu osagogoda,
wanyamula yako pamsana.

Julayi tinakoka kaukonde m'magombe osaya
kuwerenga ana ako, otalika ngati chala.
Gombe loyamba, atatu.
Lachiwiri, mmodzi ndi nkhanu.
Lachitatu, botolo, udzu, matope.
Wendell analemba ziro n'kumuzunguliza kawiri,
ngati pensulo ingathe kubereka.

Foni inalira mu Ogasiti.
Lucien Thibodeau, wa ku Maine, pamathiriro a Kennebec,
anawerenga nambala yako akupuma wefuwefu.
"Yaposa muyeso wa lamulo, ndaibweza.
Koma mbedza inalowa mpaka kukhosi.
Panali magazi."
Ndinafunsa: inasambira?
Anakhala chete, ndinamva mafunde kumbuyo kwake.
"Inasambira. Chopendekeka."
Fomu yanga ili ndi mabokosi awiri okha,
yamoyo, yakufa.
La chopendekeka mulibe.

Kumsonkhano, m'holo ya ozimitsa moto,
a maukonde analoza a mbedza,
a mbedza analoza a maukonde,
onse pamodzi analoza a kumpoto,
ndipo wina anatchula madzi amene akufunda chaka ndi chaka
koma madzi sanabwere kudzayankha mlandu.
Mkulu wina, chipewa chothimbirira ngati cha bambo anga,
anaimirira mogwira mpando:
"Mayi, nsomba zili pansi pa nyanja mwaziwerenga bwanji?"
Ndinamuonetsa mzere wotsetsereka pakhoma.
Sindinamuuze kuti ndimawerenga ngati wowerenga mvula
pogwira madontho m'chikhatho,
ndipo chikhatho chikuuma.

Tinadula muyeso. Tinafupikitsa nyengo.
Galimoto yanga wina anaikanda ndi kiyi.

Lero ndi Epulo wina.
Bambo ali pakhonde, bulangete pamaondo,
mayina a adzukulu anawathawa
koma mwezi sunawathawe.
"Marlys, zakwera?"
Zayamba, bambo.
"Zazikulu?"
Zochepa, koma zazikulu zilipo.
Agwedeza mutu, zala zikusoka ukonde womwe kulibe.

M'mawa ndibwerera pamtsinje mdima usanathe.
Iliyonse yomwe tikweze ndidzaitembenuza kaye,
chala changa chikuyenda m'mbali mwa mimba,
kufunafuna kachingwe kofiira
kapena chipsera chokha.